Tsitsi la m'nyumba ya Kinsley

A Matthew anayala malezala m'mbale yachitsulo n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Anakwana khumi ndi awiri. Anawerenganso kachiwiri, ngati kuti lina libereka.

"Mutu umodzi, lezala limodzi," anatero. "Masiku ano sitibwerekana."

Mlongo wawo, mayi Iness, sanadzutse mutu. Anali pamphasa, miyendo atatambasula, akusankha manachesi: aakulu dengu ili, aang'ono dengu ilo, ophwanyika kwa mbuzi. Mwana wawo Kinsley anali atagona kumanda masiku awiri, koma manachesi sadziwa maliro. Akapsa apsa basi.

"Ndawerengera ndi a m'nyumbamo," a Matthew anapitiriza, akuloza ndi mlomo nyumba ya malemu. "Mtengwa wanu ndi mwana. Awiri."

"Mwawauza?"

"Ndiwauze ine? Mpongozi ndi wanu, achemwali."

"Malezala kugula inu, kukamba ine."

Mawa lake linali tsiku lometa. M'banja mwawo, kwa Kanduku kumeneko, maliro satha ndi kufotsera manda. Abale amakhala pansi pa mtengo, n'kumetedwa mpala, tsitsi lonse n'kulikwirira dzenje limodzi, kenako kusamba, aliyense n'kubwerera ku khasu lake. Wosameta amati wasunga imfa pamutu, ndipo imfa yosungidwa imaitana inzake.

Vuto linali loti Kinsley anali mrasta. Mkazi wake Sarah nayenso. Mwana wawo Miracle, wazaka zisanu ndi ziwiri, chibadwire mutu wake sunaonepo lezala kapena chipeso. Tsitsi lake linali zingwezingwe zofika m'mapewa.

Kinsley inamugunda lole pa mtsetse wa kumalire a dziko, Lachisanu m'mawa, ali pa njinga ndi madengu awiri a manachesi a mayi ake. Ena anatola iye, ena anatola manachesi. Mpingo unati sanali wawo, kwaya sibwera. Marasta anabwera okha osaitanidwa, ndi ng'oma zitatu ndi mbendera zawo. Nyama ya mbuzi anaikana, anaphika nyemba zawo zopanda mchere kuseri kwa khola. A m'mudzi ankawayang'ana ngati akuonera mpira, amayi akukokera ana kumbuyo. Koma bokosi ananyamula ndi iwowo, chitunda chonse chija mpaka kumanda, osalitula pansi. Mayi Iness anapangana nawo molunjika: ng'oma mpaka dzuwa kulowa, fodya wawoyo akasutire kutsidya kwa mtsinje. Anamvera zonse ziwiri.

Zimenezo zinatha. Zatsitsizi ndiye zinali zisanayambe.

"Akakana?" mayi Iness anafunsa.

"Akakana asakhale pano. Sindingalole munthu aziyenda pakati pa mbumba yanga atasenza maliro pamutu. Wina akadwala mawa, anthu aloza ine."

Mayi Iness anaponyera mbuzi nachesi lophwanyika, anapukuta manja pa chitenje, nadzuka.

M'nyumba ya Kinsley analowa osaodira. Sarah anali atagwada pafupi ndi chikwama chachikulu chapulasitiki, mpango woyera atakulunga kumutu ngati mtsuko. Miracle anali pabedi akusenda mtedza.

"Mukulongedza, amake Miracle?"

"Ndikungopinda zovala, amayi."

"Munthu wongopinda saika nsapato pansi pa chikwama."

Mayi Iness anakoka mpando nakhala. Anayamba monga amayambira pamsika, pamtengo wokwera.

"Mawa mumeta nonse awiri."

"Ayi, amayi."

"Chabwino, zampala tisiye. Angodula m'mbalimu. Mpangowo ubisa."

"Ayi."

"Chingwe chimodzi. Cha kunkhongo, chomwe ngakhale inu mwini simuchiona."

"Ngakhale chimodzi."

"Ndiye inu tikusiyeni, ndinu wamkulu, mutu wauma kale. Mwana yekha. Tsitsi la mwana limamera ngati bonongwe, pofika mvula labwerera."

Sarah anasiya kupinda. "Ameneyo ndiye ayi kawiri."

"Iii, mayi inu. Mtengo wanu womaliza ndi uti?"

"Sindikugulitsa, amayi."

Zaka makumi atatu ali pamsika, mayi Iness anali atakumana ndi ouma mtima a mitundu yonse, a ku Tete, a ku Limbe, madalaivala onena kuti alibe kanthu chikwama chikutuluka m'thumba. Munthu aliyense ali ndi pomwe amagwera. Koma wonena kuti sakugulitsa ndiye alibe pomugwira.

"Tinalumbira," Sarah anatero, mawu ali pansi. "Ine ndi bambo ake a Miracle. Si fasho iyi. Zili m'buku lomwe lija atsibweni amanyamula Lamlungu, akafuna ndiwatsegulira tsamba lake. Ndalira nanu, ndagona pansi nanu, ndatunga madzi a anthu onse aja. Mwamuna wanga mwamuika atavala tsitsi lake. Ine ndichotse langa manda asanaume?"

"Ine zamabukuzo sindinapite nazo patali. Ndikudziwa zoti mawa kuli lezala."

"Likafika pakhomo pano, ife tikwera minibasi ya m'mawa. Kwathu ku Chirimba aliko anthu. Ndipo sindinama, amayi, sitidzabweranso. Mwana sangamabwere kumalo komwe amamudikira ndi lezala."

Miracle anatambasula dzanja n'kupatsa agogo ake mtedza wosenda. Anali ndi mpata wa mano wa bambo ake, ngakhale kapendekedwe ka mutu. Mayi Iness anabereka ana atatu. Awiri anapita ali aang'ono, wachitatu ndi uyo wagona pachitunda. Mdzukulu anali yemweyu.

Analandira mtedzawo, anautafuna, natuluka.

Masana anaitana kabaza wanjinga yamoto, namangitsa madengu awiri kumbuyo. Mayi Liness, akazi a a Matthew, anaima pakhomo pa khitchini manja ali m'chiuno.

"Alamu, tsiku lachiwiri, kumsika? Anthu ati chiyani?"

"Auzeni adye manachesiwa onse lero, ndikhala."

Kumalire kunali monga mwa masiku onse. Malole atandandalika mpaka pokhota, osintha ndalama akukupiza mitolo yawo, fumbi ndi fungo la dizilo. Pamene panagwera Kinsley panalibe chizindikiro chilichonse, koma wakabaza anachepetsa liwiro osauzidwa.

Madengu anawatsitsira pa golosale ya mayi Saumu, amene ankawaoda manachesi chaka ndi chaka. Mayi Saumu anawagwira dzanja nthawi yaitali, kenako anawapatsa mpando ndi madzi. Atamva nkhani ya malezala anapukusa mutu.

"Ife Asilamu timaika tsiku lomwelo, tsitsi la munthu sitilikhudza. Koma musaone ngati tilibe zathu. Mwana wa achimwene anga Harun anakwatira wa mpingo, mpaka lero pa Idi mbale yake imakhala payokha." Anatsitsa mawu. "Marastawa ine ndinkawaopa. Koma shopu ino ndikapita kuswala ndimasiyira iwowo. Sipanasowepo ngakhale machesi."

"Wamkulu wawo amakhala pati?"

"Rasi Keith? Kuseri kwa sikelo ya malole, pa kanyumba ka nsapato."

Kanyumbako kanali ka mapulanga, kopakidwa kofiira, kachikasu ndi kobiriwira. Rasi Keith anali bambo wa imvi, tsitsi lake atalikulunga m'chipewa choluka chachikulu ngati dzungu. Ankasoka nkhwaira ya tayala. Ataona mlendo anaimirira, naika dzanja pachifuwa.

"Mama. Jah akulimbitseni."

"Andilimbitsa kale. Khalani pansi, ndili ndi mawu awiri okha. Inu ndinu abusa awo?"

"Ife tilibe abusa, Mama."

"Mfumu?"

"Tilibenso."

"Nanga mukalakwa amakukalipirani ndani?"

Rasi Keith anaseka, mano ochepa. "Timakalipirana tokha."

"Ndiye kamukalipireni Sarah. Adule chingwe chimodzi, nkhani ithe. Ndikupatsani dengu la manachesi sabata iliyonse mpaka atatha."

"Ngakhale munda wonse, Mama. Tsitsi lili pamutu pake, lumbiro lili pakamwa pake. Ine ndikalowa pati? Ifetu tazolowera. Kusukulu anatibweza, kuntchito anatibweza, pa minibasi apolisi amayamba kusecha ife. Tsopano ndi kumanda komwe?"

"Ine sindinabweze munthu."

Rasi Keith anawayang'ana. Kenako anawerama, nasuntha mulu wa matayala odulidwa, natulutsa chitini chakale cha mabisiketi chomangidwa ndi mphira.

"Ndimafuna ndibweretse pa tsiku lometa, koma poti mwafika. Kinsley ankasunga muno. Ankati kunyumba mbewa."

Mayi Iness anachotsa mphira. M'katimo munali kansalu ka chitenje chomwe anachizindikira, chawo chakale cha maluwa a buluu. Atafunyulula anapeza zingwe za tsitsi, zazifupi ngati chikhatho, zouma, zomangidwa pamodzi ndi ulusi. Pansi pake panali sizasi yakuda yachitsulo.

Sanafunse kuti n'chiyani. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo Kinsley ali ndi zaka makumi awiri, anayamba kusiya tsitsi kuti lipotane. Amayi a kumpingo anayamba kufunsa ngati mwanayo ali bwinobwino. Wina ananena pamaso pa anthu kuti mayi Iness alera wamisala. Tsiku lina masana, Kinsley atagona pakhonde ndi malungo, mankhwala atamugwetsa, iwo anatenga sizasi yawo yodulira nsalu n'kudula zingwe zonse, chimodzichimodzi. Sizasiyo inali yolimba, inkawaluma chala chachikulu, moti pomaliza panatuluka thuza. Kinsley atadzuka anagwira kumutu. Anatola zingwezo pansi, anasesa pakhonde, napita kukagona m'nyumba. M'mawa mwake kunalibe. Anatha zaka ziwiri osadziwika komwe ali. Anabwera ndi tsitsi latsopano ndi mbande makumi anayi za manachesi pa njinga, nadzala kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Za tsiku lija sanazitchulepo, iwonso sanazitchule. Sizasi inasowa sabata yomweyo, ndipo mayi Iness anamata mlanduwo pa mlamu wawo, mayi Liness. Anatha dzinja lathunthu osalankhulana.

"Ankati chiyani za zimenezi?" anafunsa.

"Ankati ndi katundu wa amayi. Akuti anakolola okha koma anaiwala kututa." Rasi Keith anabwerera ku nkhwaira yake. "Sizasiyo ankaithira mafuta chaka chilichonse. Ndinkamuuza, Rasi, kabweze chinthu cha eni. Iye ankati akadzafunsa ndidzawapatsa."

"Ndikanafunsa bwanji, ine ndikudziwa kuti anaba ndi Liness?"

Mayi Iness anatseka chitini, anachikulunga m'chitenje, naimirira.

"Mawa mubwere. Ng'oma musiye."

Atafika kumudzi anapita molunjika kwa Sarah, natseka chitseko. Anakhalamo nthawi yophika nyemba theka. Amene anali panja anangomva mawu a mayi Iness akukwera ndi kutsika ngati ali pa benchi la msika, kenako chete.

M'mawa kunazizira, kuzizira kwa Juni kolowa m'mafupa. Abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, amuna uku, akazi uko. Dzenje laling'ono linali litakumbidwa kale. Marasta asanu anaima patali, pafupi ndi khola, manja kumbuyo. Chikwama cha Sarah chinali pakhonde, chotseka, Miracle atachikhalira.

A Matthew anachotsa chipewa, napemphera mwachidule, natenga mbale ya malezala.

"Tiyamba ndi mwini maliro, mayi wobereka. Kenako mkazi wa malemu ndi mwana."

Mayi Iness anakhala pa mtondo wogwetsa, navula duku. Tsitsi lawo linali la imvi, lalifupi. Mnyamata wometa atayandikira, anamubweza ndi dzanja.

"Osati iwe. Amake Miracle, bwerani."

Anthu anayang'anana. Sarah anabwera pang'onopang'ono, natenga lezala m'mbale. Analigwira ndi nsonga za zala.

"Gwirani bwino, si njoka," mayi Iness anatero. "Mukanditema khutu mulipira."

Sarah ananyowetsa mutu wa apongozi ake ndi madzi a sopo, nayamba kumeta kuchokera pachipumi. Tsitsi la imvi linkagwera pa chitenje. Atamaliza, anaika lezala pansi, nabwerera m'mbuyo masitepe atatu.

"Tsopano akhale iyeyo," a Matthew anatero.

"Wagwira kale lezala. Dzanja lake lalowa mumwambo. Mutu ayi."

"Achemwali, musayambe. Mwambo sufuna dzanja, ufuna tsitsi."

"Tsitsi la ndani?"

"La m'nyumba ya malemu."

"Lochuluka bwanji? Nenani, ndimve."

"Si msika uno."

"Paliponse pomwe munthu akufuna chinthu kwa mnzake ndi pamsika. La m'nyumba ya Kinsley, eti?"

Mayi Iness anatulutsa chitini pansi pa chitenje, nafunyulula kansalu kabuluu, nayala zingwezo pamphasa chimodzichimodzi, monga amayalira manachesi kuti wogula aone kuti palibe lowola.

"Makumi awiri ndi zitatu. Werengani, mumakonda kuwerenga. Inu mumafuna mitu iwiri, dzulo ine ndinatsika mpaka chingwe chimodzi, anandikaniza. Apa pali makumi awiri ndi zitatu, zonse za m'nyumba imeneyo."

A Matthew anawerama, nayang'ana, nabwerera m'mbuyo. "Ili ndi la malemu."

"Linadulidwa ali moyo. Ndinadula ndine. Munaliko, munandiyamikira, munati ndachita zachimuna."

"Tsitsi la womwalira silingaimire la wamasiye. Sizinachitikepo."

"Mrasta anafapo m'banja muno? Ndiye zikanachitikapo liti?"

Wina kumbali ya akazi anatsokomola pobisa kuseka. A Matthew anakweza mawu.

"Makolo anaika zimenezi ndi chifukwa! Lero tisiye chifukwa cha anthu osadya mchere, mawa tidzasiya chiyani? Aliyense akabwera ndi zake, mudzi udzakhala wa ndani?"

"Inu Lamlungu mumavala jekete, mkulu wa mpingo. Lachiwiri mwanyamula malezala a makolo. Abusa anu anakuuzani kuti zometazi n'zachikunja, munawayankha kuti mpingo ndi mpingo, mudzi ndi mudzi. Inu nokha ndinu anthu awiri, ndipo mumakwana pa mpando umodzi. Awa akulepherani pati?"

"Mukundinyoza pamaso pa ana."

"Ndikukuuzani mtengo. Ine nyumba iyi ndinaimeta kale, achimwene. Ndinalipira zaka ziwiri, mwana osadziwika komwe ali. Uyo anabwerera chifukwa anali wanga. Awa si anga, akapita apita. Sindimetanso kachiwiri."

Mayi Liness, amene anali atasuzumira m'chitini, anatulutsa sizasi ija naikweza m'mwamba.

"Alamu. Si sizasi ija ndinaba ine iyi?"

Apa anthu analephera kudzigwira. Ngakhale marasta kukhola kuja anaweramitsa mitu, mapewa akugwedera. Mayi Iness analanda sizasiyo.

"Ndi yomweyo. Simunabe. Mwamva, ndanena pagulu, musadzafunenso kachiwiri."

A Matthew sanaseke. Anayang'ana zingwe zili pamphasa, anayang'ana Miracle pakhonde, kenako mutu wopanda tsitsi wa mlongo wawo.

"Chikadzachitika chinthu pamudzi pano, chidzakhala pamutu panu."

"Ndi womwewu, uli poyera. Chidzaona pofikira."

"Ine sindinavomere."

"Sindinati muvomere. Ndati mukwirire."

Kenako a Matthew anakhala pa mtondo, nauza mnyamata kuti awamete. Azakhali awiri a kutsidya anadzuka, namanga zitenje, nachoka osatsanzika, akunena kuti iwo za chibwana sakhalapo. Palibe anawaitana. Otsalawo anametedwa mmodzimmodzi. Malezala awiri a m'nyumba ya Kinsley anatsala m'mbale osatsegula, pamodzi ndi a azakhali aja.

Pokwirira, tsitsi la onse analisesera m'dzenje. Mayi Iness anatola zingwe za Kinsley, napatsa Sarah. Sarah anazigwira kanthawi, anazipsompsona, naziika pamwamba pa tsitsi la imvi la apongozi ake. Rasi Keith ananena mawu ake chapansipansi ali komwe anaimako. A Matthew, mutu ukuwala, anakankhira dothi ndi khasu, napondaponda ndi phazi, napita kukasamba osayang'ana munthu.

Madzulo ake anthu anali atabalalika. Chikwama chinali chikadali pakhonde. Mayi Iness anachiyang'ana podutsa ndi dengu.

"Ichi chigona panja?"

"Tikhala mpaka manachesi atatha, amayi," Sarah anatero. "Zinazo tidzaona."

"Manachesi akatha kuli mtedza wofuna kusenda. Lowetsani, chinyowa ndi mame."

Mayi Iness anapita kuseri kwa nyumba yawo, Miracle akuwatsatira. Mitengo makumi anayi ija inali italemedwa, nthambi zina atazichirikiza ndi mphanda zomwe Kinsley anadula mwezi wathawo. Iye sankalola kuthyola ndi manja. Ankati nachesi lokoka limang'ambika pamutu, silichedwa kuwola, ndipo ankadula lililonse ndi kampeni, n'kusiya kaphesi ndi tsamba limodzi. Mayi ake ankamunena kuti akuchedwetsa ntchito.

Mayi Iness anatulutsa sizasi m'chitenje. Dzulo kwa Rasi Keith, ngakhale m'mawa muja ndi mkangano, sanaiyang'anitsitse. Inalibe dzimbiri ngakhale pang'ono. Pa chogwirira chimodzi, mbali yolowa chala chachikulu, panali pokulungidwa ulusi wokhuthala, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, mizere yothinana bwino ngati ya nkhwaira. Mbali inayo inali chitsulo chokhachokha.

"Anakulunga ndi adadi," Miracle anatero. "Ankati imaluma agogo."

Mayi Iness analowetsa chala. Anatsegula, natseka. Anatsegulanso.

"Gwira dengu bwino, iwe," anatero.

Anakoka nthambi, nadula nachesi loyamba, n'kusiya kaphesi ndi tsamba limodzi.